Fodya wa Anamwino

Madalitso, ika khasulo pansi. Sindinakuitanireni kupalira, udzu umenewo ndithana nawo ndekha pang'onopang'ono. Bwerani nonse pakhonde pano dzuwa lisanakwere. Takondwa, foniyo ilowe kaye m'thumba, ilibe miyendo, siithawa. Pemphero, khala pafupi ndi ine apa, koma usatsamire bondo ili, ndi lija lovuta. Ntchito imene ndakuitanirani ndi yaing'ono, yongofuna zala ziwiri, koma nditangoti chitani chakutichakuti osakuuzani kumene zinachokera, mungati agogo mutu wayamba kusokonekera.

Mukuziona zomera zatsamira khomazo, za masamba ong'ambikang'ambika? Dzina lake lachizungu ndi kirisantemamu. Agogo anu aamuna, a Mbewe, anayesa kulitchula kamodzi, lilime n'kukana, ndiye mpaka tsiku lomwalira ankangoti fodya wa anamwino. Anamwinowo ndine. Mwambo wa chiliza chawo uli mu Juni, mukudziwa. Bambo anu andiimbira foni dzulo, akuti adzagula nkhata za pulasitiki m'tauni chifukwa sizifota. Ndawayankha kuti ndamva. Koma ine ndikufuna kuti pamanda paja padzagone maluwa awa, ndipo kuti adzakhale okwanira, ntchito yake ndi ya mwezi uno wa Febuluwale. Ikachedwa, tidzanyamula timaluwa tosadzaza ndi dzanja lomwe.

Ine ndinakulira ku Likuni, m'nyumba ya aphunzitsi, poti bambo anga ankaphunzitsa pa mishoni. Mayi anga ndiwo ankakongoletsa guwa la m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndiye pakhomo pathu chitini sichinkatayidwa. Cha mafuta, cha mkaka, cha utoto, chilichonse ankachiboola kunsi ndi msomali n'kudzalamo kanthu. Masiku ano mumagula miphika ya simenti m'mbali mwa msewu, duwa lili kale momwemo, wogulitsa osakufunsani n'komwe dzina. Kale duwa silinkagulidwa, linkapemphedwa. Ukapita kocheza unkabwerako ndi kanthambi utamanga pansonga ya chitenje, ndipo munthu akayang'ana pabwalo pa mayi ankadziwa amene amagwirizana nawo. Ili ndi la akazi a katekisiti, ilo ndi la azamba a kuchipatala. Amene wayambana nawo, duwa lake linkasamutsidwira kuseri kwa bafa mpaka atapepesana.

Nsapato zathu za kusukulu sizinkadziwa polishi. Mpanda wathu unali wa hibisikasi, uja wa maluwa ofiira otambalala ali kumpopi uko. Unkathyola duwa limodzi n'kulitikita pansapato, madzi ake onanda aja n'kuidetsa mpaka kuwala. Usaseke, Madalitso, ukayese Lolemba. Mayi sankatikalipira tikathyola limenelo, ankati ndi duwa la tsiku limodzi, likatsegula lero mawa lagwa, bola ligwireko ntchito. Koma ukangokhudza kirisantemamu wawo, unkadziwa kuti mayi ali ndi dzanja. Kirisantemamuyo ankatalika mpaka m'chiuno, n'kutulutsa maluwa achikasu owerengeka pamwamba, nthawi yozizira, ena onse atatha. Amenewo ndiwo ankapita paguwa mu Juni.

Mayi anamwalira ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino. Bambo atapuma ntchito, nyumba ija inapatsidwa kwa mphunzitsi wina monga mwa dongosolo lake, ndipo akazi awo anali okonda kudzala ndiwo zamasamba. Sindiwada, ana awo anali ambiri. Tsiku lonyamula katundu ndinakumba tsinde limodzi la kirisantemamu n'kuliika m'chitini cha mafuta. Abale anga anagawana mbale, zitenje ndi makina osokera, ine ndinatenga chitinicho. Atanditumiza kukayamba ntchito ku Mitundu ndinakwera pamwamba pa lole ya matumba, sutikesi kumapazi, chitini pamiyendo, ndipo fumbi la m'njira linatifikitsa tonse awiri tili ofiira.

A Mbewe ndinawaona koyamba akudumphira mwendo umodzi pakhomo la chipatala. Anadzitema ndi nkhwangwa cha ku Dzalanyama podula mitengo ya chigafa, chija choumitsiramo fodya. Ndinatsuka balalo, n'kulimanga, n'kuwauza kuti azibwera kudzasinthitsa bandeji. Bala linapola, munthu osasiya kubwera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Nanga lero chavuta n'chiyani, bambo?" Anayang'ana phazi lawo nthawi yaitali, kenaka n'kuti, "Pamayabwa." Pemphero, agogo ako anali osowa mawu chomwecho. Mawu amene Takondwa amatha asanasukusule, iwo ankawagawa mwezi wonse.

Tinakwatirana nthawi yotentha, atagulitsa fodya, ndipo ananditenga chitengwa kumudzi kwawo, ulendo woti ndinkatha kuyenda pansi kupita kuntchito. Kumeneko bwalo labwino linali losesedwa mbee, lopanda ngakhale kaudzu, kuti njoka ikamadutsa ioneke. Mvula yoyamba itagwa ndinagawa tsinde lija n'kulidzala m'mbali mwa khoma. Apongozi anga, mayi a mtima wabwino koma osabisa mawu, anaima potero atagwira m'chiuno.

"Kodi Anankhoma, zimenezi zimakoma ndi nsinjiro?"

"Sizidyedwa, amayi."

"Nanga zimabala chiyani?"

Ndinachita manyazi kunena kuti n'zongoyang'ana, ndiye ndinangoseka. Kwa iwo duwa lanzeru linali chiluwe, lija la dzungu, chifukwa limalowa mumphika.

A Mbewe sanafunse kanthu. Anangodula nthambi zaminga n'kutchinga mzere wonse kuti mbuzi zisafike, n'kubweretsa manyowa a m'khola. Tsiku lina ndinawaona atathyola tsamba, akulitikita m'zala n'kumanunkhiza. Thyola limodzi, Takondwa, ununkhize. Wamva? Fungo lake ndi lowawa, lokhala ngati la chanzi. Ndiye munthu uja anawerengera yekha mumtima kuti mkazi ndi namwino, masamba akununkha mankhwala, ndipo akuwasamala chonchi, basi ndi mankhwala a kuchipatala amenewa. Duwa lake anali asanalionepo, poti tinakwatirana nyengo yake itadutsa.

Tsono inu ana a m'tauni fodya simumudziwa. Fodya chuma chake ndi tsamba. Ikafika miyezi ino amatulutsa nsonga yofuna kuchita maluwa, ndipo mlimi akailekerera, mphamvu yonse imathawira kuduwa, masamba n'kupepuka. Ndiye mlimi amalawira m'mamawa, mzere ndi mzere, kuthyola nsongazo ndi chikhadabo, zala n'kuda bii ndi utomoni. Munda wa fodya wochita maluwa ndi manyazi, odutsa amati mwini wake ndi waulesi kapena wadwala. Agogo anu anakula akudziwa kuti duwa ndi mbala.

Zomera zanga zinali zitafika m'mawondo, timitu toyamba titaoneka, tobiriwira, tating'ono ngati nandolo. Ndinkatiyendera m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, mtima uli dyokodyoko, kuti ndionenso maluwa a mayi. Tsiku lina pobwera kuntchito ndinapeza zonse zadulidwa mitu, mzere wonse, zofanana msinkhu, pansonga iliyonse pali kachidindo kakuda ka chala. Timitu tija anatisonkhanitsa bwinobwino n'kukatitaya kudzala. Eni ake ntchitoyo, a Mbewe, ali pampando, akutsuka zala ndi phulusa, nkhope ili ngwee, kudikira kuyamikidwa.

"Ndakuthandizani, Anankhoma," anatero. "Amafuna kuchita maluwa. Tsopano masamba akula bwino."

Ana inu, ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro a mayi, chifukwa pamaliro paja ndinali wamkulu woyang'anira ang'ono anga, mpata wolira ndinalibe. Sindinatukwane. Ndinalowa m'nyumba, n'kulongedza yunifomu ndi zovala m'sutikesi, n'kupita kwa mnzanga amene ankakhala m'nyumba za pachipatala. Anthu ndinkawauza kuti matope achuluka m'njira, ndikumafika kuntchito nsapato zoyera zitada. Panalibe amene anakhulupirira.

Ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Malume anga anapalasa njinga kuchokera ku Likuni, atavala jekete la kutchalitchi, ndipo anandifunsa pamaso pa onse.

"Anakumenya?"

"Ayi, malume."

"Ukugona ndi njala?"

"Ayi."

"Kapena pali mkazi wina?"

"Palibe."

"Nanga ine ndapalasira chiyani njinga?"

Nditanena kuti andithyolera maluwa, nkhoswe ya kuchimuna inayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. A Mbewe atafunsidwa anati, "Ine ndimayesa ndi mankhwala. Ndimati ofunika ndi masamba." Malume anapukusa mutu n'kuti, "Safunsa anadya phula, mkamwini." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mlandu wa maluwa sunamvekepo chiyambire, ndibwerere kunyumba. Ndinayankha mwaulemu kuti ndibwerera mvula ikatha. Koma pamene ankatenga njinga yawo, malume anakokera a Mbewe pambali n'kuwauza kuti zomerazo zinali za mlongo wawo amene anamwalira, ndipo ndinaona nkhope ya munthu uja ikugwa. Sankadziwa. Iwo sanafunse, ine sindinanene, banja latsopano limakhala choncho.

Mvula inatha, ine osabwerera. Mtima unali utauma gwa. Ndinkadzifunsa kuti ngati munthu sangaone chimene ndimakonda, tidzakhala bwanji mpaka ukalamba? Ndinayamba ndi kufunsafunsa komwe za kusamutsidwira kuchipatala china, kutali. A Mbewe sanatumize mawu alionse. Ndinkangomva kwa amayi obwera kusikelo akuti, "Anamwino, amuna anu aja mutu uli bwino? Anzawo ali m'chigafa kusankha fodya, iwo ali pikitipikiti ndi ndowa kuchokera kudambo, kuthirira zitsamba za pakhoma."

M'mawa wina wozizira mu Juni ndinawapeza ataima pakhomo la chipatala pomwe paja, atagwira njinga.

"Lero pakuyabwanso?" ndinafunsa.

"Tiyeni mukaone fodya wanu."

Ndinakwera pakaliyala chifukwa anthu ankatiyang'ana. Titakhota pankhokwe ya apongozi ndinatsika ndekha njinga isanaime. Khoma lonse linali chikasu chokhachokha. Pamene panathyoledwa nsonga imodzi panatuluka nthambi zingapo, ndipo nthambi iliyonse inasenza maluwa ake mpaka masamba osaoneka. Kwa mayi anga, amene ankalisamala ngati dzira, duwa limeneli silinachitepo chomwecho. Apongozi anali pamphasa poteropo, akutongola chimanga, ndipo anati, "Zosadyedwa zanu zija izi. Ndinasiya kukhala kuseri, ndimakhala kuno tsopano." A Mbewe anangoti, "Sindinakhudzenso. Ndimangothirira." Madzulo ake anakatenga sutikesi yanga panjinga. Bambo anu anabadwa chaka chotsatira, ndiye mukamaona maluwa awa muziwapatsa ulemu.

Patapita zaka ndinamva kwa sisitere wina wokalamba kuti kwawo olima duwa limeneli amalithyola nsonga dala, kuti lichite nthambi zambiri. Nditawauza agogo anu anayankha kuti, "Ndimadziwa." Bodza lenileni, koma ndinawasiya, munthu amafunika kupambanako kamodzi.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mwezi ngati uno, akamaliza kuthyola nsonga kumunda ankabwera kukhoma langa zala zili zakuda. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti n'zothandiza, koma mtima sunkalola kuona timitu tija tikugwa. Ndiye ndinkaima pakhonde n'kukalipa kuti, "A Mbewe, mwayambanso kuwononga?" Iwo osatembenuka n'komwe, ankangoti, "Lowani m'nyumba, Anankhoma. Mudzaona mu Juni." Ine n'kulowa. Anthu oyandikana nafe ankayesa timayambana chaka ndi chaka pankhani imodzimodzi, ndipo mayi wina wa kumpingo anabwerapo kudzatipempherera.

Atandisamutsira kuno ku Nathenje, munda anausiyira ana a alongo awo n'kunditsata, katundu pangolo, zitini pamwamba, ng'ombe zikuyenda monyinyirika. Apa panali poyera, dothi lokhalokha ndi chiswe. Boganiviliya wakwera pachipatayo ndinabwera naye ali kanthambi. Zaka zoyamba ndinkamuthirira tsiku ndi tsiku, manyowa osasowa, iye n'kumangonenepa masamba, duwa ayi. Chaka china chitsime chinaphwa, ndinamusiya, ndiye anafiira thupi lonse. Ameneyu amafuna ludzu, ukamusasatitsa amachita ulesi ngati ana ena amene sindiwatchula. Komanso zofiira mukuzionazo si maluwa, ndi masamba. Duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono kali pakati, Pemphero ukasuzumire tikamaliza. Agogo anu atamva zimenezo anakondwa kwambiri, anati, "Ameneyu ndiye wanzeru, chuma chake chili m'masamba."

Analowerera ndithu munthu uja. Fodya atamusiya chifukwa cha msana, anatsala ndi kadimba ka tomato, ndipo m'mphepete mwake ankadzala marigodi, aja onunkha aja, ati fungo lake limasokoneza tizilombo. Anzawo a kubawo ankawaseka kuti a Mbewe anadyetsedwa, mwamuna wanji wolima maluwa. Iwo ankangosuntha nkhomo zawo, pobwerera n'kupempha kanthambi kwa akazi a anzawo omwewo.

Nkhani ya babu mukuidziwa? Magetsi atafika kuno, bambo anu anaika babu lowala usiku wonse pakhoma ili, ati kuopa akuba. Chaka chimenecho maluwa a pansi pa babu anakana kutsegula, a kukona kwa mdima okha ndiwo anachita. Duwa limeneli limadikira nyengo imene mdima umatalika, ndiye kuwala kuja kunkalinamiza kuti nthawi sinakwane. Agogo anu anakwera pampando n'kugulula babu. Bambo anu atabwera anaika lina. Atangokwera minibasi, nalonso linagululidwa. Zinatero mpaka bambo anu anatopa, ndipo mpaka lero amayesa mababu a ku Nathenje amapsa msanga. Ali m'katoni pansi pa bedi, onse amoyo. Musakawauze, Takondwa ndikunena iwe.

Chaka chatha mwezi ngati uno agogo anu anali atafooka kale. Kuimirira nthawi yaitali sankatha, ndiye anatenga kampando aka n'kumakakoka pang'onopang'ono m'mbali mwa mzere, kuthyola nsonga, kupuma, kuthyolanso. Ndinawaona ndili pawindo, ndipo monga namwino ndinadziwa zimene ndinkaona. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinadziwa kuti ndikawamvera chisoni awawidwa mtima. Ndiye ndinatuluka n'kukalipa monga mwa nthawi zonse. Anayankha mawu omwe aja, koma motsitsa, moti ndinachita kuwamalizira ndekha mumtima. Anatisiya mu Meyi, timitu titatupa, chikasu chitangoyamba kusuzumira. Anthu a pamaliro atabalalika, inu mutabwerera kusukulu, khoma lonse linatsegula. Ndinaona mu Juni monga ananenera, koma ndinaona ndekha, ndipo zinandipweteka kuposa tsiku la maliro.

Ndiye mukumva chifukwa chake za pulasitiki sindikuzifuna. Bambo anu akunena zoona kuti sizifota, ndipo akuchita mwa chikondi, agule ndithu, tidzaika kumiyendo. Koma kumutu kudzagone fodya wawo, wochuluka, woti anthu a ku Mitundu akadzaona adzadziwe kuti mlimi uja munda wake sunagonere.

Vuto ndi ili. Onani zala zangazi mmene nyamakazi yazipindira, ngakhale batani la bulauzi limandipambana. Komanso ngakhale zikanakhala zowongoka, Lachiwiri ndinayesa. Ndinaima apo, ndinagwira nsonga imodzi, dzanja linakana. Zaka zonsezi ine sindinathyolepo ngakhale kamodzi, inali ntchito ya a Mbewe. Tsono nonsenu ndinu a Mbewe, magazi ake ndi omwewo.

Imirirani. Mpeni ayi, lezala ayi, chikhadabo cha chala chachikulu ndi chala cholozera basi. Mugwire pansonga pofewapo, kutalika ngati mfundo imodzi ya chala, n'kuthyola pamodzi ndi kamutu komwe. Tsinde lililonse, osasiyako poti ili lakongola. Madalitso, yambira kukona uko, ndiwe wamtali. Takondwa pakati. Pemphero, iwe tenga kampando ka agogo ako uyambire pafupi pano, timitu uziponya m'chitini umo.

Chinthu chimodzi chotsiriza. Mukayamba, ine ndikalipa. Musaleke, ndipo musatembenuke. Yankho lake mwalimva.

Eya, choncho, Pemphero, dzanja lako ndi lopepuka. Usandiyang'ane, Takondwa, ndikulira inde, zisiye, gwira ntchito.

A Mbewe, mwayambanso kuwononga?

Yankha, Madalitso, mawu ako ndiwo ayamba kukula ngati awo. Mokweza, makutu anga ndi akale. Ukandiuza, ndilowa.